Chifukwa chake nkhalamba iyenera kugwera m'chitsime

Anzanga amene mwaima pa bolodi pano, pepani pepala langa latalika. Belu likalira musanamalize mudzapitirize pa buleki, silithawa, ndalikhoma ndi minga inayi ya mthethe.

Ambiri mwamva kale kuti sewero limene ife a kalabu ya zisudzo timakonzekera kudzaonetsa tsiku lotsekera teremu laimitsidwa kaye. Ena mukufalitsa zoti timafuna kupsompsonana pa siteji. Limenelo ndi bodza, ndipo amene analiyambitsa akudzidziwa yekha. Zoona zake n'zakuti makolo ena a m'komiti anamva kuti seweroli ndi la chikondi, ndiye anadandaula kuti liphunzitsa ana zibwenzi. Lachisanu likubwerali akumana ndi a hedi komanso Madamu amene amayang'anira kalabu yathu kuti agamule. Mmodzi mwa makolo odandaulawo ndi bambo anga ondibereka. Nde mukuona kuti ine nkhaniyi ndimadyera nsima madzulo alionse.

Sindikulemba kuti ndinyoze akuluakulu ayi. Ndikufuna ndifotokoze mtundu wa sewero limene tikukonzali, chifukwa ndaona kuti ngakhale anzathu a Fomu 4 akungolisakaniza ndi masewero ena onse a chikondi, ngati nandolo ndi khobwe m'thumba limodzi.

Pa Chingerezi amati romantic comedy, ena amangodula kuti romcom. Ife tingati sewero kapena filimu yoseketsa ya chikondi. Ziwirizi zimayenera kupezekamo zonse. Za Izeki ndi Jakobo zimene makolo athu amasimba mpaka lero zinali zothyola nthiti, koma phata lake silinali anthu awiri kupezana. Titanic ya 1997 ija ndi ya chikondi ndithu, koma Jack amafera m'madzi ozizira, ndipo ndinaonapo bambo wina wogula mbuzi akupukuta misozi ndi chipewa. Imeneyo si romcom. Mu romcom mumakhala anthu awiri oyenerana, pakati pawo pali chopinga, ife timaseka mmene akulimbanirana nacho, ndipo pomaliza chopingacho chimachoka popanda maliro.

Mwina mukuti, mwana wakumudzi wobwera ku sukulu ndi fumbi mpaka m'maondoyu wazidziwira kuti zimenezi? Amalume ali ndi nyumba ya vidiyo pamsika, yoyendera sola, ndipo Loweruka ndi Lamlungu masana ndimakhala pakhomo kutolera ndalama. Wapakhomo saonera filimu kamodzi. Ena ndawaonera mpaka ndimadziwa pamene DJ womasulira m'Chichewa uja atsokomole. Zina ndinawerenga m'mabuku a m'katoni ija ili kuseri kwa chitseko cha laibulale, imene chiswe chayamba kale kuiwerenga, ndipo zambiri anatifotokozera Madamu ku kalabu. Ndikuululireninso kachinsinsi: anyamata amene amakuwa kuti tiikireni ya Jet Li ndi omwewo amakhala duu mpaka kumapeto amalume akaika ya chikondi. Mayina ndasunga.

Ukaonera kambirimbiri umayamba kuona mafupa a nkhani. Awiriwo amakumana moipa, wina wathira mnzake tiyi pa malaya kapena akulimbirana mpando m'basi. Amadana, kapena amanamizira kudana. Kenako china chake chimawakakamiza kukhala malo amodzi, kaya ulendo, kaya ntchito, kaya ukwati wa mnzawo. Chapakati pamakhala bodza limene mmodzi wabisa. Kukatsala mphindi 20 kuti filimu ithe bodzalo limaphulika, amasiyana, kunja kumagwa mvula, kanyimbo kachisoni kali pansipansi. Ndiyeno mmodzi amazindikira kupusa kwake n'kuliyatsa liwiro kupita ku siteshoni ya sitima kapena ku bwalo la ndege. Akayamba kuthamanga ine ndimadziwa kuti nthawi yochotsa mpiringidzo pachitseko yakwana.

Ndiye kuti aliyense amadziwa mathero asanalipire n'komwe. Nanga amalipiriranji? N'chimodzimodzi nthano za agogo. Palibe mwana amene amaopa kuti Kalulu adyedwa. Chimene timatcherera khutu ndi njira imene atulukire m'mbunamo. Mu romcom namonso aliyense amadziwa kuti akwatirana. Chimene timadikira ndi kuona mmene chopinga chija chichokere, ndi amene achichotse. Chopingacho nthawi zina chimakhala kunja, monga kholo laukali, umphawi kapena kusiyana mitundu. Nthawi zina chimakhala m'mitima ya awiriwo, kunyada ndi mantha. Masewero okoma kwambiri amakhala nazo zonse ziwiri.

Mtundu umenewu si wadzulodzulo. Ku Athens, m'dziko la Greece, kunali mlembi dzina lake Menander, amene m'chaka cha 316 Yesu asanabadwe anapambana mpikisano wa zisudzo ndi sewero lotchedwa Dyskolos, kutanthauza munthu waukali wosafuna anzake. Seweroli linasowa kwa zaka mazanamazana mpaka linadzapezeka ku Egypt litalembedwa pa mapepala akale a gumbwa, n'kusindikizidwa mu 1958. Tsiku limene Madamu anatisimbira nkhani yake tinaseka mpaka mlonda anabwera kudzasuzumira pawindo, chifukwa zonse zili ngati zakwathu konkuno.

Muli mlimi wokalamba dzina lake Knemon. Amalima yekha munda wake wamiyala, ndipo munthu akangoponda pafupi amamugenda ndi zibuma. Mkazi wake anatopa naye n'kukakhala ndi mwana wake wopeza wa Knemon, mnyamata wosauka dzina lake Gorgias. Pakhomo panatsala mwana wamkazi ndi gogo wina wantchito. Tsiku lina Sostratos, mwana wa munthu wachuma wozolowera za m'tauni, anabwera kudzasaka nyama, anamuona mtsikanayo, mutu n'kuzungulira. Atamva kuti nkhalambayo imangolemekeza anthu ogwira khasu, anavala sanza n'kukalima m'munda woyandikana nawo kuti ikamuone. Analima dzuwa lili pamutu, msana kuphwanya, khungu kupsa, ndipo nkhalambayo tsiku limenelo siinabwere n'komwe kumunda. Inu amene munayesapo kunamizira khama pa manyuwo weki a hedi akudutsa, mukumvetsa ululu wake.

Kunyumba nako zinali zina. Gogo wantchito uja anagwetsera ndowa m'chitsime. Poopa kukalipiridwa anamanga khasu la bwana wake ku chingwe chofumbwa kuti akowe ndowayo, chingwe n'kuduka, khasu nalo ulendo. Knemon, posafuna kupempha thandizo kwa munthu aliyense, anati atsikemo yekha. Anagweramo. Amene anatsika kukamutulutsa ndi Gorgias yemwe uja, mwana wopeza amene sankamupatsa ngakhale moni. Sostratos anapatsidwa ntchito yogwira chingwe pamwamba, koma poti maso anali pa mtsikana, anatsala pang'ono kuchitaya. Atatuluka, ali chinyowere, Knemon anavomera pamaso pa onse kuti ankalakwitsa poganiza kuti munthu angakhale wosasowa mnzake. Ukwati unatheka, ndipo Gorgias naye anakwatira mlongo wake wa Sostratos. Kumapeto wophika ndi wantchito wina amaivutitsa nkhalambayo mpaka kuinyamula kupita nayo kuphwando.

Taonani bwino pamenepa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yanga. Mnyamata sanathawitse mtsikana usiku. Nkhalamba siinafe, siinathamangitsidwe m'mudzi. Inagwa, inatulutsidwa, inasintha maganizo anthu akuona, ndipo nayonso inakadya nawo zaphwando. Chitsime chija ndicho chinachotsa chopinga. Sewero lathu talitenga pomwepa, tangolisamutsira kumudzi kwathu kuno, ndipo nkhalambayo ndikusewera ndine.

Koma pali chimodzi chimene Menander anandinyansa nacho. Mtsikanayo alibe dzina m'sewero monse, amangoyankhula mawu owerengeka, ndipo palibe amene amamufunsa ngati mnyamatayo akumufuna. Amangomupereka ngati thumba la mtedza. Mwa alembi amene anadzampatsa mtsikana pakamwa, wodziwika kwambiri ndi William Shakespeare wa ku England, wobadwa mu 1564 n'kumwalira mu 1616. Zoseketsa zake n'zakuti m'masiku akewo akazi sankachita nawo zisudzo pa siteji ku England. Mbali za akazi ankasewera ndi anyamata amene anali asanayambe besi. Ndiye mu Twelfth Night, mmene Viola amavala ngati mwamuna n'kumadzitcha Cesario, anthu ankaonera mnyamata akunamizira kukhala mtsikana amene akunamizira kukhala mnyamata. Filimu ija ya She's the Man ya 2006, ya mtsikana wovala ngati mlongo wake kuti asewere mpira, inachokera pamenepo.

Ambiri tikamva Shakespeare ndi chikondi timathamangira ku Romeo and Juliet. Tiyeni tiike masewero ake awiri pa mphasa imodzi muone pamene asiyanirana.

Romeo tsiku likuyamba akulirira mtsikana wina dzina lake Rosaline. Usiku womwewo aona Juliet paphwando, Rosaline waiwalika. Juliet sanakwanitse n'komwe zaka 14. Tsiku lotsatira akwatirana mobisa, makolo osadziwa kanthu. Zinthu zitavuta, wansembe Laurence apatsa Juliet mankhwala oti aoneke ngati wafa, n'kutumiza kalata kwa Romeo ku Mantua yofotokoza kuti imfayo ndi yonamizira. Wonyamula kalatayo atsekeredwa m'nyumba poganiziridwa kuti wakhudzana ndi mliri, ngati zija za nthawi ya Covid. Kalata siifika. Sabata isanathe onse awiri ali m'manda.

Tsono tengani Much Ado About Nothing, limene analemba cha m'ma 1598, nkhani yochitikira ku Messina pa chilumba cha Sicily. Namonso muli wansembe, muli mtsikana wonamizira kufa, muli mnyamata wopupuluma. Claudio, msilikali wachinyamata, akufuna kukwatira Hero. Munthu wanjiru dzina lake Don John akonza chiwembu. Wantchito wake Borachio apita usiku pawindo la chipinda cha Hero n'kumacheza zachikondi ndi mtsikana wantchito, Claudio akuonera patali mumdima. Claudio akhulupirira kuti ndi Hero. Osamufunsa, osafufuza, adikira mpaka tsiku la ukwati n'kumuchititsa manyazi m'tchalitchi pamaso pa anthu onse. Hero akomoka. Wansembe alangiza kuti alengeze zoti wamwalira mpaka choonadi chidziwike. Kufika apa mukhoza kuyamba kukonza nkhuni za pamaliro.

Chimene chimapulumutsa anthu m'seweroli ndi zitsiru. M'tauniyo muli alonda ausiku, ngati achitetezo a m'mudzi aja oyenda ndi mawisulo, ndipo mkulu wawo ndi Dogberry, munthu wokonda mawu akuluakulu amene sadziwa tanthauzo lake. Tonse tikumudziwa mnzathu wina amene amatero pa dibeti, sinditchula fomu. Alondawa amamva Borachio ataledzera akudzitama kwa mnzake za chiwembu chija, n'kumugwira. M'mawa wa ukwati Dogberry amapita kukauza bambo ake a Hero, koma amazungulira kwambiri mpaka bamboyo, poti ali pa changu, amamuuza kuti akafunse yekha milanduyo. Choonadi chimachedwa, inde, koma chimafika, ndipo chimafika pagulu. Claudio alapa, avomera kukwatira mtsikana wina wa m'banjamo amene sanamuone nkhope, ndipo pochotsa chophimba kumaso apeza ndi Hero yemwe.

Mwaona? Mlembi mmodzi, zida zofanana. Kwa Romeo choonadi chinali m'kalata imodzi, m'manja mwa munthu mmodzi, chifukwa zonse zinkachitika mobisa, ndipo kalatayo itasochera panalibe wowapulumutsa. Ku Messina anthu ngambiri, aliyense akumvetsera za mnzake kuseri kwa mpanda, moti bodza silikhalitsa. Sewero lachisoni limawatsekera okondanawo kwaokha. Loseketsa limawakokera pabwalo pamene pali azakhali, alonda, ophika ndi ankhoswe.

Komabe anthu sakonda seweroli chifukwa cha Claudio ndi Hero. Amalikonda chifukwa cha Beatrice, msuweni wake wa Hero, ndi Benedick, mnzake wa Claudio. Awiriwa anadziwana kalekale ndipo akakumana ndi matonzo okhaokha, wina akaponya mwala mnzake amabweza njerwa. Aliyense analumbira kuti za banja ayi. Anzawo amawatchera msampha. Amuna amakacheza mokweza m'munda wa zipatso, akudziwa kuti Benedick wabisala pomwepo, kuti Beatrice akufa naye koma akuopa kusekedwa. Akazi nawo amachita chimodzimodzi kwa Beatrice. Onse awiri amakodwa. Koma chikondi chawo chimayesedwa pa tsiku loipa lija. Amuna anzake atatuluka m'tchalitchi, Benedick amatsalira ndi banja la Hero. Beatrice, atakwiya kuti msuweni wake wanamiziridwa, amamuuza kuti ngati amamukondadi athane ndi Claudio. Benedick amayamba wakana, kenako amasankha kukhulupirira mawu a mkaziyo n'kukamuitana mnzake wapamtimayo kuti amenyane. Palibe maluwa apa, palibe ndakatulo. Ndakatulo zimadzabwera kumapeto ngati nthabwala, pamene awiriwo ayambanso kukana pagulu kuti sakondana, anzawo n'kutulutsa mapepala amene aliyense analembera mnzake mobisa. Nanunso amene mumabisa timakalata m'buku la Agriculture, samalani.

Mafilimu atabwera anangotenga mafupa omwewa n'kuwaveka zovala zina. It Happened One Night ya 1934, ya Frank Capra, momwe muli Clark Gable ndi Claudette Colbert, inapata mphoto zisanu zikuluzikulu za Oscar. Mwana wa mpondamatiki wathawa bambo ake n'kukwera basi kuchoka ku Florida kupita ku New York, ndipo m'basimo akumana ndi mtolankhani wochotsedwa ntchito. Atakakamizika kugona chipinda chimodzi panjira, mwamunayo amamanga chingwe pakati pa mabedi awiri n'kupachikapo bulangete, n'kulitcha linga la Yeriko. Bulangetelo siligwa mpaka atakwatirana, ndipo limagwa lipenga litalira ngati m'buku la Yoswa. Bambo a mtsikanayo anazindikira kuti mnyamatayo ndi weniweni pamene anakana mphoto ya madola 10,000 n'kungopempha madola 39.60 amene anawononga pa ulendowo. Chopinga m'filimu imeneyi mukhoza kuchiona ndi maso, chapachikidwa pa chingwe.

Coming to America ya 1988 ambiri munaionera kwa amalume. Eddie Murphy ndi Akeem, mwana wa mfumu ya dziko longopeka la Zamunda. Amamubweretsera mkazi amene anaphunzitsidwa kuyambira ali mwana kungomvera. Akamufunsa chimene amakonda, yankho ndi lakuti chilichonse chimene mwana wa mfumu akonda. Atamuuza kuti auwe ngati galu, amauwadi. Anthu m'vidiyo amaseka pamenepa mpaka kugwa pa benchi, koma taganizirani chimene tikusekacho: tikuseka ukwati wa munthu amene alibe mawu akeake. Akeem amapita ku Queens, ku New York, kukakolopa mu lesitilanti, kuti apeze mkazi womuyankha. Amapeza Lisa. Koma naye wabisa kuti ndi mwana wa mfumu, ndipo Lisa atadziwa amakwiya, ufumuwo osaulabadira. Pa ukwati, Akeem povundukula chophimba kumaso kwa mkwatibwi, amapeza ndi Lisa. Ine nditamva za Hero ku kalabu ndinakuwa kuti iyi ndiye anaba kwa Shakespeare, Madamu n'kundiuza kuti ndikhale pansi.

Ya ku India imene ndikanakonda bambo anga ataionera ndi Dilwale Dulhania Le Jayenge ya 1995, momwe muli Shah Rukh Khan ndi Kajol. Nyumba ina yoonetsera mafilimu ku Mumbai, Maratha Mandir, yakhala ikuionetsa kwa zaka zoposa 25. Raj ndi Simran anakulira ku London, koma bambo ake a Simran, aja a maso otuzula amene amasewera ndi Amrish Puri, analonjeza kale kuti mwana wawo akakwatiwa ku Punjab ndi mwana wa mnzawo. Simran amapempha kuti athawe. Ngakhale mayi ake amawauza kuti thawani. Raj amakana, akuti adzamutenga pokhapokha bambo atamupereka ndi manja awo. Ndipo pa siteshoni, sitima itayamba kale kuyenda, bamboyo amasiya dzanja la mwana wake kuti athamange. Knemon wina ameneyo, kungoti chitsime chake ndi sitima. Nayo The Wedding Party ya ku Nigeria, ya 2016, yotsogoleredwa ndi Kemi Adetiba, ili chimodzimodzi. Dunni ndi wa mtundu wa Yoruba, Dozie ndi wa Igbo, nkhani yonse ndi ya tsiku la ukwati ku Lagos, ndipo chopinga chachikulu ndi amayi awiri opikisana pa zovala, pa zakudya ndi pa kavinidwe, mpaka zinsinsi za mabanja onse awiri zitaululika.

Tsono ndisakunamizeni kuti mtundu umenewu ulibe zilema. Chachikulu n'chakuti umathera pa ukwati. Nyimbo ikulira, mayina akukwera pa sikirini, ife tikutuluka. Palibe filimu imene imaonetsa Lolemba lotsatira, amene apite kunkhuni, ndi kumene ndalama ya feteleza ichokere. China n'chakuti mafilimu ambiri amayamikira mnyamata wokanidwa amene amangolondolabe mtsikana mpaka atopa n'kulola. M'filimu amaikapo kanyimbo kokoma. Panjira yathu ya kudambo ija zimenezo n'zoopsa, ndipo atsikana a kalasi yathu akhoza kukuuzani bwino kuposa ine. Komanso Claudio anakhululukidwa motchipa kwambiri. Ndikanakhala mlongo wake wa Hero, mlanduwo ukanafika kwa amfumu ndipo mbuzi imodzi sikanakwana. Wole Soyinka wa ku Nigeria, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1986, anachita kuwatembenuza dala mafupa aja mu The Lion and the Jewel: mphunzitsi wachinyamata Lakunle, wodzaza mawu a m'dikishonale koma wokana kupereka malowolo, amaluza Sidi kwa mfumu yokalamba Baroka, imene imamupeza mtsikanayo mwa bodza. Namonso mumathera ukwati ndi magule, koma ine nditamaliza kuwerenga kuseka kunali kutandithera.

Za bambo anga ndiyenera kunena chilungamo. Sakudandaula popanda chifukwa. Achemwali anga anasiya sukulu ali Fomu 1, ali ndi zaka 16. Andilola okha kuti ndilembe zimenezi. Mnyamatayo anali ndi njinga yamoto ndi mawu otsekemera ngati uchi. Zonse zinkachitika mobisa, kunyumba tinadziwa mimba itaonekera. Pano mnyamatayo ali ku Joni, nambala yake siikugwira, ndipo achemwali amagulitsa zitumbuwa pamsika mwana ali kumsana. Fizi imene bambo anagulitsira mbuzi ziwiri inapita. Ndiye akamva mawu oti chikondi pa sukulu amaona zimenezo, ndipo sindingawaseke.

Chimene ndikufuna akachione Lachisanu n'chakuti nkhani ya achemwali inayenda njira ya Romeo, ya changu, ya mumdima, ya mawu okoma, yopanda wina woimva kuseri kwa mpanda n'kukanena. Sewero lathu limaseka zomwezo. Mnyamata wa mawu okoma ndi amene anthu adzamuseke kwambiri, makamaka akadzagwira khasu chadodolido. Mtsikana tamupatsa dzina ndi pakamwa, ndi wa zaka 22, anamaliza Fomu 4 ndipo amaweta nkhuku zakezake. Mnyamatayo amakanidwa kawiri, ndipo akakanidwa amapitadi kwawo. Kachitatu ndi mtsikanayo amene amamuitanitsa, ataona kuti pa tsiku la chitsime sanathawe. Tinaonetsetsa kuti onse akhale akuluakulu, paja lamulo la dziko lino la 2015 limati ukwati ndi kuyambira zaka 18, ndipo mu 2017 anasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Tawonjezeranso kachigawo kamene Menander alibe, ka miyezi itatu ukwati utachitika, awiriwo akukangana za amene anaiwala kutsekera nkhuku. Kupsompsonana mulibe, ndabwerezanso. Pamene amayandikana kwambiri ndi pogwira chingwe, ndipo pakati pawo pali ankhoswe.

Lachiwiri madzulo ndimayeserera mbali yanga kuseri kwa khola, kukalipa ndi kugenda zibuma m'malere. Sindinadziwe kuti bambo aima pa nkhokwe akundionera. Anandifunsa kuti, "Iwe, ameneyo ndine eti?" Ndinati, "Ayi bambo, ameneyu amakuposani ndi zaka zoposa 2,300." Sanaseke. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti nkhalambayo imathera pati. Ndinawauza kuti imagwera m'chitsime, amaitulutsa, ndipo pomaliza amainyamula kupita nayo kuphwando. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Nanga khasu lija analitulutsa? Khasu ladula masiku ano." Lachitatu ndinakawauza a kalabu, ndipo tagwirizana kuti khasu lizituluka limodzi ndi nkhalamba.

Madamu apempha kuti a komiti asanagamule aonere kaye sewero lonse, ndipo a hedi alola. Ndiye Lachisanu tikaweruka tidzalichita m'kalasi ya Fomu 2, madesiki titawakankhira kukhoma. Amene simuthamangira kutali mukhoza kutsalira, koma mudzaseke pamene pali poseketsa basi, zamakhwelu ayi, makolo adzakhala kutsogolo. Chitsime tipanga ndi madesiki anayi ndi chitenje chakuda. Khasu ndibwera nalo ndine ngati bambo andibwereke. Tikusowabe ndowa yachitsulo yakale, yolira bwino ikagwa, ndi chingwe chotalika mamita 5. Amene ali nazo andipeze pa buleki pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa ofesi.